Za Kuugwira Mtima pa Masiku a Mabvuto

Dziko lathu lino la kunsi kwa mapiri, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua ndi ku Mtakataka, ndi dziko la chonde, ndipo makolo athu sadalakwe pakulisankha. Mpunga umabala ku chigwa cha Bwanje, mango amachita kugwa okha, nyanja ili pafupi ndi usipa wake. Koma ndi dziko lodziwanso kuyesa ana ake. Mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo, kotero kuti munthu amakwiyira nkhuku yomwe. Mvula ikagwa kumapiri, Livulezi ndi Namikokwe amadzaza usiku, ife kuno tisadaone ndi dontho lomwe. Pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitaonekera pansi. Zimenezi sitingathe kuziletsa. Chimene tifuna kukambirana nanu mwezi uno, inu makolo ndi inu ana odziwa kuwerenga, ndicho gawo lina la tsoka, limene silichokera kumitambo kapena kumapiri, koma timadzionjezera tokha pamene mtima wathawa m'malo mwake.

Akuluakulu ambiri mwa inu akumbukira usiku wa pa 10 Marichi 1989. Anthu atagona, dziko lidagwedezeka kwambiri cha ku Salima, ndipo makoma adang'aluka ndi kugwa kufikira kuno ku boma la Dedza. Anthu osachepera 9 adafa, ena ngati 100 adabvulala, ndipo pafupifupi 50,000 adasowa pogona. Anthu ophunzira za miyala amatiuza kuti nyanja yathu yagona m'chigwa chachikulu pamene dziko likung'ambika pang'onopang'ono, ndi kuti mng'alu wina wautali kuposa makilomita 100, umene adautcha Bilila-Mtakataka, ukudutsa m'tsinde mwa mapiri athu omwewa. Mapiri amene galimoto imakwera mokhotakhota pochoka ku Golomoti kunka ku Dedza adakwezedwa ndi zibvomezi za zaka zosawerengeka.

Sitikunena izi kuti tikuopseni, iai. Tikunena chifukwa chinthu chodziwika dzina ndi chiyambi chake sichiopsa monga chinthu chosadziwika. Banja limene lidakambiranapo kale, masana dzuwa likuwala, kuti dziko likagwedezeka woyandikira khomo atuluke msanga nakaime pa bwalo kutali ndi makoma, wotalikira khomo alowe pansi pa kama kapena tebulo ataphimba mutu ndi manja, ndi kuti uje ndiye anyamule khanda, uje atsogolere agogo, banja limenelo lidzaopa ndithu, pakuti ndi anthu, koma silidzapanikizana pa khomo. Ndipo mwana amene adamva kwa atate ake kuti chibvomezi ndi miyala ya pansi imene ikusuntha sadzayamba kuyang'ana nkhalamba ya pa mudzi ndi diso loipa.

Kodi mantha amachita chiani m'thupi? Kudali sing'anga wina ku America, dzina lake Walter Cannon, wophunzitsa pa sukulu yaikulu ya Harvard. Iyeyo ankayang'ana m'mimba mwa amphaka ndi makina ounikira m'kati mwa thupi, ndipo adaona kuti mphaka akaopsedwa kapena kukwiyitsidwa, m'mimba mwake mumaleka kugaya chakudya nthawi yomweyo. Chaka cha 1915 adalemba buku lofotokoza zimene ululu, njala, mantha ndi ukali zimachita m'thupi. Pamwamba pa impso zathu pali tizinthu tiwiri timene timathira m'magazi madzi ochedwa adrenaline. Madziwo akalowa, mtima umagunda msanga, mpweya umafupika, kukamwa kumauma, magazi amathamangira ku miyendo ndi ku mikono, kuti munthu athe kuthawa kapena kumenya. Mlengi adatipatsa zimenezi kuti zitipulumutse, ndipo amene adakumanapo ndi ng'ona pa dooko amadziwa ubwino wake. Choipa chake n'chakuti thupi silisiyanitsa pakati pa ng'ona ndi kalata ya ngongole. Limakonzekera kumenya, chonsecho palibe womenyana naye koma mkazi wako ndi ana ako.

Tsono taonani chinthu chothandiza. Mtima sitingaulamule kuti ugunde pang'ono, koma mpweya tingaulamule, ndipo mtima umatsata mpweya. Pamene munthu atulutsa mpweya mwa pang'onopang'ono, kugunda kwa mtima kumatsika. Chifukwa chake, mukamva kuti m'chifuwa mwatentha ndipo mau oipa afika kale pa mlomo, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima kufikira 4, ndi kuutulutsa ndi kamwa kufikira 6, ndipo muchite chotero kakhumi. Ena adzaseka nadzati ndi mankhwala a ana. Aseke, sagula ndi ndalama, ndipo ayese kaye asadaweruze. Amene sakhoza kukhala pansi aime, atuluke, akazungulire munda kapena akawaze nkhuni, pakuti mphamvu imene thupi lasonkhanitsa ifuna potulukira, ndipo ndi bwino ithere pa chipika. Asodzi a ku nyanja amaidziwa nzeru imeneyi kuposa ife: mwera ukawapeza pakati, amene amagubuduza bwato si funde loyamba, koma munthu amene waimirira mwa phuma.

Za ana

Apa tifuna kukhalitsapo, pakuti ana sadziwa kudzinenera.

Pa nkhondo yaikulu yachiwiri, yomwe ija asilikali athu a K.A.R. adafika nayo mpaka ku Burma, ndege za adani zidaponya mabomba pa mzinda wa London usiku ndi usiku, zaka za 1940 ndi 1941. Amai awiri, Anna Freud ndi Dorothy Burlingham, adatsegula nyumba zolereramo ana ovutika ndi nkhondoyo, ndipo ankalemba mosamala zonse zimene ankaona. Buku lao lidatuluka chaka cha 1943. Chimene adapeza chidadabwitsa ambiri. Ana aang'ono amene amai ao ankakhala odekha pa nthawi ya mabomba sankaoneka osokonezeka kwambiri, ngakhale nyumba yao itagumuka. Koma ana a amai onjenjemera ankanjenjemera iwonso. Ndiponso kulekanitsidwa ndi amai ao kudawapweteka ana ambiri koposa phokoso la mabombalo. Mwana wamng'ono sadziwa kuyesa kukula kwa ngozi. Amayang'ana nkhope ya amake, nawerenga pamenepo ngati dziko latha kapena likadalipo.

Amai a kwathu adaidziwa kale nzeru imeneyi popanda buku, ndipo ndicho chifukwa chake mwana wolira amamponya kumbuyo ndi kummanga ndi nsalu. Tingoonjezapo mau awiri. Oyamba: pa chigumula, pa moto, pa msasa wa anthu othawa madzi, musalekanitse mwana ndi womlera ngati pali njira ina iliyonse, ngakhale wina akulonjeza kuti kwao kuli chakudya chabwino. Achiwiri: kudekha sikutanthauza kunama. Mai anganene kuti, "Inenso ndikuopa, mwanawe, koma ndikudziwa chochita, gwira dzanja langa." Mau amenewa amalimbitsa mwana kuposa kumuuza kuti palibe kanthu pamene iye akuona yekha madzi akulowa pa khomo.

Ngozi ikapita, mwana saonetsa mantha ake monga wamkulu. Wina amene adaleka kalekale amayambanso kukodza pa mphasa. Wina amakakamira nsalu ya amake, osalola kuti apite ndi ku mjigo komwe. Wina amadzuka usiku akukuwa, wina amadandaula m'mimba kapena mutu chonsecho alibe malungo, wina amasanduka wandeu, ndipo ena mudzawaona kuseri kwa nyumba akusewera maliro kapena chigumula tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, m'midzi mwathu mankhwala amene timafulumira nao pa zonsezi ndi mkwapulo. Koma mwana amene wakodza pa mphasa chifukwa cha mantha, mukamkwapula mwamuonjezera chomwecho chimene chidamkodzetsa. Mchapireni mphasa mwakachetechete, musamchititse manyazi pamaso pa anzake, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pakapita masabata owerengeka. Masewera aja a maliro musawaletse. Ndimo m'mene mwana amatafunira chinthu chimene chamkulira kumeza.

Choona mumpatse, koma mumpatse monga mumampatsira nsima, mbamu yomkwana. Pali chizolowezi chouza mwana wamasiye kuti amai ake apita ku ulendo. Tidziwa kuti onena chotero amanena mwa chifundo. Koma mwanayo amakhala akuyang'ana ku mseu, minibasi iliyonse ikaima mtima uli m'mwamba, ndipo tsiku limene adzamve choona kwa anzake pa masewera adzataya zinthu ziwiri pamodzi, amai ake ndi chikhulupiriro chake mwa akuluakulu. Ndi bwino kumkhazika pa miyendo ndi kumuuza poyera kuti amai amwalira, sadzabweranso, sadachoke chifukwa cha iye, ndi kuti uje ndi uje ndiwo adzamsamala. Mau akuti sadachoke chifukwa cha iye musawaiwale, pakuti ana aang'ono amaganiza kuti zonse zimachitika chifukwa cha iwo, ndipo wina amasunga mumtima zaka zambiri kuti amai adafa chifukwa iye adakana kukatunga madzi. Adzafunsa funso lomwelo kasanu, kakhumi; muyankheni chimodzimodzi nthawi zonse.

Chinanso chimene chimabweza mtima wa mwana m'malo ndicho kuona kuti masiku akuyendabe monga kale. Ngakhale banja likugona m'kalasi kapena m'tchalitchi chifukwa nyumba idagwa, nthawi yogona ikhale yomweyo, nthano ya agogo ikhalepo, pemphero la madzulo linenedwe ndi mau omwewo amene mwana adawazolowera, ndipo sukulu ikatsegulidwa abwerere msanga. Mpatseninso kantchito komkwana, monga kusunga mbale, kuwerenga nkhuku, kuyang'anira mng'ono wake kwa kanthawi. Manja akakhala ndi chochita, mutu suzungulira kwambiri. Wamng'ono mungamphunzitse kupuma kuja mwa masewera: anunkhize duwa, kenaka auzire phala lotentha pang'onopang'ono kuti lisatayike. Ndipo musaiwale mtsikana wa zaka 12 kapena 13 amene salira, amene amaphika, kutunga ndi kubereka ang'ono ake, ndipo aliyense amamtama kuti ngwolimba mtima. Ameneyo ndiye wofunika kumtengera pambali, popita ku dimba kapena potsuka mbale, ndi kumfunsa kuti, "Nanga iwe, usiku ukumagona?"

Tinenenso za ukali wa ife makolo. Mwana akaswa mbale tsiku limene ufa watha, amamenyedwa chifukwa cha ufawo, osati mbale; iye sadziwa zimenezo, koma ife tidziwa. Ndipo khanda lolira kosalekeza musaligwedeze mwa ukali ngakhale kamodzi, pakuti khosi lake n'losakhwima, ndipo kugwedeza kotero kungaononge bongo kapena kulipha kumene. Mai amene wafika potopa aligoneke pa mphasa pamalo pabwino, atuluke, aitane apongozi kapena mnansi. Palibe manyazi pamenepo. Tisiyenso kuopseza ana ndi jakisoni ndi apolisi kuti akhale chete, popeza tsiku lina tidzafuna kuti mwana yemweyo athamangire kwa anthu omwewo.

Njala

Chibvomezi chimatha pa kamphindi, koma njala imakhala pa khomo miyezi, ndipo imadya chikondi isadayambe kudya thupi. Mvula italephera nyengo ya 1948 ndi 1949, njala yoopsa idagwa makamaka ku chigawo cha kumwera. Patapita zaka, mai wina wophunzira mbiri, Megan Vaughan, adayenda m'midzi ya ku Lunzu pafupi ndi Blantyre kufunsa amene adaiona, ndipo buku lake lidatuluka chaka cha 1987. Chimene amai okalamba ankakumbukira kwambiri si zikhawo ndi mizu imene adadya, koma amuna amene adapita kukasuma kwao osabweranso, ndi maukwati amene adatha chaka chimenecho. Njala ya 2002 ambiri tidaiona ndi maso. Pa 27 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi; chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa kale, mtengo udakwera kosaneneka, ndipo m'madera ena anthu ogwidwa ndi zinsononkho zowerengeka za chimanga chachiwisi adadulidwa ziwalo, ena kuphedwa kumene, ndi anansi ao omwe. Mvula idabweranso, chimanga chidacha, koma anthu aja adayenera kukhalabe mudzi umodzi, kumwa chitsime chimodzi.

Munthu wa njala ndi wa nkhawa amaona pafupi pokha. Za mawa amaziona, za mwezi wa mawa saziona. Ndipo pali anthu amene malonda ao amadalira pa khungu limeneli: wa katapila amene amakongoza thumba limodzi kuti adzalandire awiri, ndi venda amene amagula mpunga ukadali m'munda pa mtengo wa chipongwe. Sitikuweruza bambo amene wagulitsa mbuzi yomaliza kuti ana adye; nthawi zina palibedi njira ina. Koma tikupemphani lamulo limodzi la pa nyumba: nkhani yaikulu, monga kupinyolitsa munda, kutenga katapila, kuchotsa mwana pa sukulu, kapena kuthetsa ukwati, isamangidwe usiku, isamangidwe ndi munthu mmodzi, ndipo isamangidwe tsiku lomwelo limene yabwera. Igone. M'mawa muitane malume kapena ankhoswe, mufunse ku mphakati kapena ku banki mkhonde ngati kulibe njira ina. Mutu umodzi susenza denga, adatero akale, ndipo wogula amene akukana kudikira tsiku limodzi wadziulula yekha.

Mwa nkhani zonse zomangidwa mwa phuma, yowawitsa ndiyo kukwatitsa kamtsikana kuti pakhomo pachepe kamwa imodzi. Dera lathu lino lidadziwika pa dziko lonse chifukwa cha nkhani imeneyi. Mai Theresa Kachindamoto, amene adagwira ntchito ya ulembi ku Zomba zaka 27, adaitanidwa kudzalowa ufumu ku Mtakataka chaka cha 2003. Ataona ana a zaka 12 atabereka ana anzao, adathetsa maukwati otero mazanamazana, nabweza anawo ku sukulu, ndi kuimitsa mafumu aang'ono amene ankabvomereza. Chaka cha 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18, ndipo 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti agwirizane nalo. Gogo Chalo ameneyo adamwalira mu Ogasiti 2025. Makolo ambiri amene adakwatitsa ana ao sadali ankhanza. Adali anthu a mantha, amene adayesa njala ya miyezi itatu ngati yolemera kuposa moyo wonse wa mwana.

M'nyumba momwe, mwamuna ndi mkazi agwirizane kuti nkhani ya ndalama asaikambe ana akumva, kapena mmodzi atamwa. Bambo amene amathawira ku kachasu kuti aiwale amapeza m'mawa kuti bvuto lamdikira pa khomo, ndipo labereka mwana.

Mphekesera

Pali mantha ena amene amayenda ndi miyendo ya anthu. Mu Seputembala 2017 mbiri idabuka ku Mulanje kuti kukuyenda anamapopa, opopa anthu magazi usiku. Idafalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu adaleka kugona m'nyumba, anyamata adatseka miseu, ndipo pofika kumapeto kwa Okutobala anthu osachepera 8 adali ataphedwa, mmodzi mwa iwo munthu wodwala khunyu. Madokotala sadapeze ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi. Chaka cha 2016, mu Januwale, ku Neno mphenzi idapha mtsikana, ndipo anthu a pa mudzipo adapha nkhalamba zinai, abale ao omwe, ati ndizo zidatumiza mphenziyo. Lamulo loletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti lidaikidwa kale chaka cha 1911, koma lamulo lili ku boma, ndipo khamu likasonkhana usiku palibe amene amalikumbukira.

Tisaganize kuti anthu a ku Mulanje ndi ku Neno ndi ena, osiyana ndi ife. Chisoni chachikulu chimafuna nkhope yoti chiikwiyire, pakuti kukwiya n'kopepuka kuposa kulira; ndipo nkhope imene imapezeka msanga ndi ya wokalamba, wamasiye, wodwala mutu kapena mlendo wosadziwa njira. Kale mphekesera inkayenda ndi munthu wa pa njinga, ndipo inkatopa pa njira. Lero imalowa m'foni, pa WhatsApp ndi pa Facebook, nifika ku Golomoti isadathe ndi ola lomwe. Mbiri yotero ikakupezani, dzifunseni: waona ndi maso ndani, dzina lake ndani, kuti, liti? Mukapeza kuti aliyense adangomva kwa mnzake, ilekeni ifere m'manja mwanu. Musaikambe ana ali pomwepo. Ndipo mfuu ikamveka pa mudzi, inu amai gwirani anyamata anu asatuluke ndi zibonga, ndipo wina athamangire kwa amfumu ndi kwa apolisi. Kawirikawiri khamu limabwerera ngati munthu mmodzi wolemekezeka aima patsogolo nayamba kutchula anthu maina ao mmodzimmodzi, mwa mau otsika, pakuti munthu woitanidwa ndi dzina amakumbukira kuti mawa kudzacha.

Kolera imene idayamba mu Marichi 2022 nipitirira chaka cha 2023 idafika m'maboma onse, nipha anthu oposa 1,700. Sikudaonekepo yotero m'dziko muno. Pamenepo napo mantha adagwira ntchito yake: ena adabisa odwala m'nyumba poopa msasa wa chipatala, ndipo m'malo ena anthu adaononga zipatala chifukwa cha mabodza. Chonsecho kolera imapha pakutha madzi m'thupi, ndipo mwa odwala 100 olandira chithandizo msanga, wofa sakwana ndi mmodzi yemwe. Mai wodziwa kusungunula paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa, kapena, paketi ikasowa, timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, ndi kummwetsa wodwala pang'onopang'ono ali pa ulendo wa ku chipatala, mai ameneyo ali ndi chogwira m'manja, ndipo amene ali ndi chogwira sabalalika msanga.

Mtima ukakana kubwerera

Anthu ambiri, bvuto likapita, mtima umakhazikika wokha, makamaka ngati ali ndi abale owamvera. Koma alipo ena amene masabata amapita, miyezi imapita, tulo osabwera, nsima osakoma, khasu lolemera, maganizo akungozungulira malo amodzi ngati ng'ombe ya pa chingwe. Ameneyo si waulesi, sadalodzedwe, ndipo si kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Akudwala, monga amadwalira wa chifuwa, ndipo matendawo ali ndi chithandizo.

Ku Zimbabwe anzathu a Chishona amawatcha kufungisisa, ndiko kuganiza mopitiriza. Dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka, adayamba cha m'ma 2006 kuphunzitsa agogo aakazi kuti azikhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvera anthu olemedwa. Agogowo salalikira, sadzudzula, sapereka ndalama. Amamleka munthu afotokoze zonse, namthandiza kutchula mabvuto ake limodzilimodzi, kuti asankhe yekha limodzi loyamba nalo, ndi kupangana chimene adzachite sabata imeneyo. Chaka cha 2016 zotsatira za kuyesa njira imeneyi pa anthu 573 zidasindikizidwa: patapita miyezi 6, mwa amene adakhala pa benchi ndi agogo, ngati 14 pa 100 alionse ndiwo adali ovutikabe ndi chisoni cholemera, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali ngati 50 pa 100. Agogo otero sitisowa kuno. Tili nao pa khonde lililonse. Chimene tiphunzirepo ndi kumvera kosadula mau. Ife timafulumira kunena kuti "limbani mtima, zimachitika," ndipo mau amenewo, ngakhale ndi abwino, nthawi zambiri amatseka pakamwa pa munthu amene adangoyamba kumene kutsegula.

Tikudandaula makamaka za abambo. Mnyamata timamuuza akadali wamng'ono kuti mwamuna salira, ndipo amamvera. Akakula amanyamula ngongole, manyazi ndi nkhawa yekhayekha, ndipo malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ochuluka kwambiri ndi amuna. Inu amene muli ndi mbale kapena bwenzi amene wasintha, wayamba kudzipatula, kugawa zinthu zake, kapena kunena kuti bola kungochoka, musayese nthabwala. Mfunseni poyera ngati akuganiza zodzichotsera moyo. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumampatsa mpata wolankhula. Akabvomera, musamsiye yekha usiku umenewo. Mankhwala a thonje, a mbeu ndi a makoswe muwachotse m'nyumba mukawasungitse kwa mnansi, pakuti maganizo otero amafika mwa mphamvu koma amapitanso, ndipo ku Sri Lanka boma litaletsa mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chidatsika kuposa theka. Kukacha mumperekeze nokha ku chipatala cha pafupi, kaya ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Mua, ndipo munene kwa a chipatala zonse monga ziliri, osabisa. Iwo akaona kuti pafunika odziwa koposa, adzakulozerani ku chipatala cha boma ku Dedza, kapena kwa Abale a St John of God amene amasamala odwala otero ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kapena ku chipatala chachikulu cha matenda a maganizo ku Zomba. Akabwerako, muzimuyendera Lachitatu, Lachisanu, masiku opanda mwambo, ndipo mukapita ku dimba mumtenge.